Ndinalemba Kuti Mwana Amawerenga Ndisanamumve

Ndisanapite ku koleji ya uphunzitsi ndinkagwira ntchito pa kashopu kena pa Kamuzu Road, m'tauni ya Salima. Tinkatchaja mafoni, kubena nyimbo ndi mafilimu, ndi kusintha magalasi a mafoni osweka. Ntchitoyo inandikuza mutu. Bambo wa msinkhu wa atate anga ankafika atagwira foni ndi manja awiri n'kunena kuti, "Achimwene, tandithandizani, yangozima yokha." Ndikaitsegula, kuipukuta ndi kuiyatsa, ankandiyang'ana ngati ndaukitsa wakufa. Ukazolowera kuyang'anidwa chotero uli mnyamata, umayamba kukhulupirira kuti vuto lililonse lili ndi batani lake, ndipo amene akuvutika ndi amene sanalipeze batanilo.

Mtima umenewo ndi umene ndinalowa nawo maphunziro a uphunzitsi a IPTE. Alekichala akamatiphunzitsa za TALULAR, kuti mphunzitsi azipanga zipangizo zake ndi zinthu zopezeka pamalo, makatoni, zitsekerero za mabotolo, timitengo, njere za bwemba, ine ndinkaseka chamumtima. Ndinkati tsobola wakale sawawa. Ndinali nditawerenga kale pa foni za bungwe la onebillion, lomwe pamodzi ndi bungwe la VSO linayesa matabuleti pa sukulu ya Biwi ku Lilongwe, ndi kuti akatswiri a ku yunivesite ya Nottingham anapeza kuti ana amene anawagwiritsa ntchito kwa masabata 8 anapita patsogolo pa masamu kuposa anzawo. Ndinkadziwa kuti mu 2019 pulogalamu ya onebillion inapambana mpikisano wa padziko lonse wa Global Learning XPRIZE. Ndinkadziwanso kuti mu 2023 Unduna wa Zamaphunziro unayamba ndondomeko ya BEFIT, kuyambira pa sukulu 500, ndi cholinga chofikitsa matabuleti ku sukulu zonse za pulayimale za boma, kwa ana a Sitandade 1 mpaka 4. Zonsezi ndinkazilakatula m'chipinda chogona usiku ngati mlaliki. Anzanga akamadula makatoni, ine ndinkawauza kuti akutaya nthawi, makina akubwera.

Chimene sindinkauza munthu ndi chakuti ndinkaopa ana. Kuima pamaso pa anthu kumandiumitsa kukhosi kuyambira kale. Chiyembekezo changa chenicheni chinali chakuti makinawo adzaima pakati pa ine ndi kalasi.

Nthawi ya TP, yokayeserera kuphunzitsa pa sukulu, itakwana ananditumiza kwathu komweku, ku sukulu ina ya m'midzi yozungulira Kuti. Amene sadziwa maloko, mukachoka m'tauni ya Salima kulowera ku Senga Bay, mumapatuka n'kutsata msewu wafumbi, womwe nthawi ya mvula umasanduka matope. Kuti kale anali malo owetera ng'ombe, lero ndi nkhalango yotetezedwa ya mahekitala pafupifupi 2,000, momwe muli mbidzi, mphalapala ndi nyama zina zimene alendo amabwera kudzaona. Kunja kwa mpanda wake kuli midzi, madambo a mpunga olowera ku Lifuwu, ndipo chakum'mawa kuli nyanja. Boma lathu lomweli lili ndi munda waukulu wa magetsi a dzuwa ku Nanjoka, wa mamegawati 60, womwe unayamba kugwira ntchito mu 2021, koma nyumba zambiri za ana anga usiku zinkawala ndi tochi ya mabatire kapena ya pa foni.

Anandipatsa Sitandade 2. M'kaundula munali mayina opitirira 100, pamene boma limafuna kuti mphunzitsi mmodzi akhale ndi ana 60. Ankakhala pansi, miyendo yotambasula, phewa kukhudza phewa. Ena anali a zaka 7, ena a zaka 11 obwereza kalasi, ndipo kagulu ndithu kanali ka ana amene kwawo amalankhula Chiyao, Chichewa amakumana nacho kusukulu ndi kumsika. Amentala anga, amene anaikidwa kuti azindiyang'anira, anali mayi wachikulire amene anayamba ntchito zaka zotsatira 1994, pamene boma la Bakili Muluzi linachotsa fizi ku pulayimale ndipo ana anakhamukira m'sukulu kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni. Iwo anali mmodzi wa achinyamata masauzande amene anapatsidwa choko asanaphunzire uphunzitsi, n'kudzaphunzira pambuyo pake kudzera mu maphunziro a MIITEP. Foni yawo inali ya mabatani, yomangidwa ndi labala. Nditangoiona foniyo ndinawaweruziratu mayiwo, ndipo ndikuvomera zimenezi ndi manyazi.

Sukuluyo inali ndi matabuleti. Ankasungidwa m'kabati yokhoma, kutchajidwa ndi sola, ndipo sankafuna intaneti chifukwa maphunziro onse a Chichewa ndi masamu ali m'kati momwemo. Mwana aliyense amavala mahedifoni, amamva mawu a mphunzitsi wa m'makinamo akumuuza chochita, amagwira pagalasi ndi chala, ndipo akakhoza amapita patsogolo. Chimene chinandikopa tsiku loyamba sichinali zithunzi kapena mawuwo ayi. Chinali bata. Kalasi imene inkandisowetsa mtendere m'mawa wonse inangoti zii. Nthawi imeneyo inasanduka tchuthi changa. Ndikagawa matabuleti ndinkakakhala pakhomo, pomwe netiweki inkagwirako pang'ono, n'kumacheza pa WhatsApp. Nthawi ndi nthawi ndinkadzutsa mutu, kuona mitu yowerama ndi zala zikuyenda, n'kudziuza kuti maphunziro akuyenda bwino.

Panali kamnyamata kena ka zaka 9, kochangamuka, ka maso owala, kamene zala zake zinkathamanga pagalasi kuposa za wina aliyense. Ndikamudutsa ankandiyang'ana n'kumwetulira. M'buku la marekodi, pa dzina lake, ndinalemba kuti amawerenga maphatikizo ndi mawu bwino lomwe.

Tsiku lina amentala anatenga bukulo kuti asayine. Anawerenga mwakachetechete, chala chikutsika ndi mayina, mpaka anaima pa dzina lija.

"Aphunzitsi, apa mwalemba kuti amawerenga. Munamumva ndi makutu anu?"

"Ndinamuona pa tabuleti, amayi. Amathamanga kwambiri."

"Sindinafunse za maso."

Anamuitana mwanayo pa nthawi yopuma, anzake ali panja, kuti asachite manyazi. Anamupatsa buku la Chichewa. Anayamba bwinobwino, mawu akutuluka ngati madzi, ine n'kuyamba kudzimva kuti ndapambana mlandu. Amayi aja sanayankhe kanthu. Anatseka bukulo, anatenga choko, n'kulemba pansi pa simenti mawu atatu amene mwana wa kunyanja amawatchula tsiku lililonse: bwato, nsomba, mphepo. Mwanayo anayang'ana mawuwo, anayang'ana ine, anayang'ananso pansi. Malembo a a, e, i, o, u ankawadziwa. Ma, ta, la ankawagwira. Koma pomwe malembo awiri kapena atatu akumana, bw, ns, mph, ankangoti kakasi. Tsamba la m'buku lija analiloweza pomva anzake akuliimba mokweza, ndipo chithunzi ndicho chinkamukumbutsa poyambira. Pa tabuleti anali atatulukira njira yakeyake: akakumana ndi mayankho angapo ankagwira limodzi mwachangu, likakana n'kugwira lina, kapena kusuzumira kwa mnzake. Sindinganamizire makinawo, chifukwa pulogalamuyo imamubwezera mwana pa zimene zikumuvuta, ndipo ndikanakhala naye pafupi kamphindi ndikanaona kuti akuzungulira malo amodzi. Ine ndinayeza nzeru zake ndi liwiro la chala, ndili pakhomo.

Amayiwo sanandikalipire. Anandipatsa buku la marekodi lija n'kunena kuti, "Fufutani ndi dzanja lanu. Mukatero muyang'anenso mayina enawo, mudzifunse kuti ndi angati amene munawamva."

Usiku umenewo ndinakhala ndi bukulo, ndipo chimene ndinapeza chinali choipa kuposa nkhani ya mwana mmodzi. Ana amene ndinawalembera zabwino anali amene amakhala kutsogolo, a yunifolomu yochapa, amene amakweza mkono kukuwa kuti "Ine sala! Ine sala!" Amene ndinawalemba kuti ndi ofooka anali a kumbuyo, a malaya ong'ambika, onunkha utsi wa nsomba, amene sanandiyang'anepo m'maso. Sindinamvepo aliyense wa iwo akuwerenga payekha. Buku la boma, limene mphunzitsi wa chaka chamawa adzalikhulupirire, ndinalidzaza ndi zoganiza zanga za umphawi ndi ukhondo.

Pakati pa amene ndinawalemba kuti ndi ofooka panali kamtsikana kena kobwereza kalasi, kochokera m'banja lolankhula Chiyao. Sindinamvepo mawu ake. Nditasiya kukhala pakhomo n'kuyamba kuyenda pakati pa mizere nthawi ya matabuleti, ndinamupeza milomo ikugwedera. Ankabwereza liwu lililonse chapansipansi, kugwira kuti amvenso, kubwerezanso, mpaka atakhutira. Nditamupatsa mawu a pansi aja anawerenga onse, pang'onopang'ono koma osaphonya. Uyu ndiye anali wowerenga. M'kalasi sankalankhula chifukwa nthawi ina anzake anaseka katchulidwe kake. M'mahedifoni munalibe womuseka, munalibe mphunzitsi wousa moyo kapena kuyang'ana wotchi.

N'chifukwa chake amene akuyembekeza kuti umboni wangawu uthera potukwana matabuleti akhumudwa. Werengani nokha. Phunziro limodzi la makalasi aang'ono ndi mphindi 30. Mukazigawa kwa ana 100, mwana aliyense apeza masekondi 18, ndipo apo mphunzitsi sanalembe pabolodi, sanaletse phokoso, sanapukute mamina a wina. Palibe mphunzitsi, ngakhale waluso chotani, amene angapatse mwana aliyense mpata woyesa, kulakwa ndi kuyesanso m'nthawi imeneyo. Tabuleti imapereka mpata umenewo, m'Chichewa, kwa mwana aliyense nthawi imodzi. Mtsikana uja inamuthandiza pomwe ine ndinamulephera. Koma makina omwewo, m'chipinda chomwecho, anabisa mnyamata uja kwa mphunzitsi amene ankafuna kubisiridwa.

Ine ndemwe ndine mwana wa Tikwere, pulogalamu ya pa wailesi imene inkaulutsidwa m'makalasi aang'ono pa nthawi imene ndinkayamba sukulu. Wailesi yake inali yopukusa ndi dzanja. Mawu a m'wailesi ankauza mphunzitsi chochita, n'kusiya mpata kuti achite ndi ana. Ndimakumbuka aphunzitsi awiri. Mmodzi wailesi ikati imani, iye ankayamba kuima, ikati funsani mtsikana wa kumbuyo, ankapita kumbuyo komweko. Winayo ankaika wailesi pampando n'kutuluka kukacheza pansi pa mtengo, ndipo mpata ukafika wailesi inkangokhala chete, ife n'kumatsinana. Zaka zonsezi ndinkamuseka mphunzitsi wachiwiriyo. Pa Kuti ndinazindikira kuti ndakhala iyeyo, kusiyana kwake kunali kwakuti mtengo wanga unali WhatsApp.

Mukanaganiza kuti pamenepo ndinaphunzira. Ayi ndithu. Safunsa anadya phula, ndipo ine ndinalidyanso kawiri.

Kulemba malesoni pulani tsiku ndi tsiku n'kotopetsa, aliyense amene anachita TP akudziwa. Ndinayamba kufunsa mapulogalamu a AI a pa foni aja kuti azindilembera. Kaalawansi kanga, komwe kanali katachepa kale mphamvu kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, kankathera ku mabandulo. Ndinkalemba mutu wa phunziro, makinawo n'kunditulutsira pulani yooneka bwino, ya masitepe ake, ine n'kuikopera m'kope mwaukhondo. Tsiku limene alekichala anabwera kudzandiona ndikuphunzitsa, ndinali ndi phunziro la kuchotsera nambala. Pulaniyo inkati ana akhale m'magulu a anayi anayi, gulu lililonse ndi zowerengera zake, kenaka gulu lililonse lifotokoze zimene lapeza. Ndinazitsatira monga zinalembedwera. Ana 100 m'magulu a anayi ndi magulu 25, m'chipinda chopanda malo oponda. Theka la nthawi linathera pa kukankhana. Zowerengera zinali zokwana magulu ochepa, ena anayamba kulandana, wina analira. Belu linalira gulu lachitatu lisanalankhule.

Titakhala pansi pambuyo pake, alekichalawo anatsegula kope langa. Anati pulaniyo ndi yolembedwa bwino kuposa za anzanga ambiri. Kenaka analoza sitepe yachiwiri. "Tandiuzani, bambo, n'chifukwa chiyani munaika ichi chisanafike ichi?" Ndinasowa chonena. Analoza pena, ndinasowanso. Sanandifunse kuti analemba ndani. Anangoti, "Pulani imene simungaiteteze si yanu," n'kundipatsa malikisi amene ndinayenera.

Makinawo sanandinamize. Anayankha funso limene ndinafunsa, ndipo ine sindinawauze kuti ana ndi 100, kuti mulibe madesiki, kuti mulibe mapepala. Koma ngakhale ndikanawauza zonsezo, pali china chimene sakanadziwa, chomwe inenso ndinadzachidziwa mwangozi. Loweruka lina ndili kugombe ndinamupeza mnyamata wa zala zothamanga uja akugulitsa mandasi a amayi ake kwa asodzi ndi amayi ogula usipa. Munthu akagula atatu n'kupereka K1,000, chenji chinkatuluka m'thumba mwake asanamalize n'komwe kulankhula, ndipo sankaphonya. Mwana amene pabolodi ankalephera 13 kuchotsa 7 ankachotsera mazana pamtima. Sabata yotsatira ndinadula makatoni, omwe aja ndinkaseka ku koleji, n'kupanga ndalama zoseweretsa. Ana anatola zigoba za nkhono, tinaunjika timiyulu ngati ta usipa, kalasi inasanduka msika. Tinkagula, kubweza chenji, kenaka n'kulemba pabolodi chimene tachita. Phokoso linali lalikulu kuposa tsiku la alekichala, koma linali phokoso la nambala. Amentala anaima pawindo kanthawi n'kupitirira osanena kanthu, ndipo amene anagwirapo ntchito ndi amayi otere akudziwa kuti kumeneko ndiye kuyamikira.

AI sindinaisiye. Ndimaifunsa ndikafuna kumvetsa chinthu chimene chinandidutsa m'kalasi, kapena kuti indipatse njira zingapo zofotokozera mfundo imodzi. Chichewa chake chimapunduka kawirikawiri, moti chimene yalemba sindingachiike pamaso pa mwana ndisanachikonze. Pulani ndimalemba ndekha.

Chachitatu ndicho chimandiwawa kufikira lero, chifukwa chinapweteka anthu amene sanandilakwire. Tsiku lina, ana ali pa matabuleti, kuwala kukulowa bwino pawindo, ndinawajambula ndi foni. Chithunzicho chinatuluka chokongola. Ndinachiika pa Facebook ndi mawu a Chingerezi odzitama, akuti tikubweretsa tsogolo kwa ana osauka a kumudzi. Anthu anachikonda, anachigawana, anandiyamikira. Kutsogolo kwa chithunzicho kunali kamtsikana kowerenga kaja, diresi yake itang'ambika paphewa. Sindinapemphe a hedi, sindinapemphe makolo, ndipo mwanayo sindinamuganizire n'komwe kuti ali ndi chonena.

Mbale wawo wina amene amagwira ntchito ku Johannesburg anachiona n'kuimba foni kumudzi. Patapita masiku atsibweni a mwanayo anafika ku ofesi ya a hedi pamodzi ndi mmodzi wa akomiti ya sukulu. Anali bambo wodekha, msodzi, ndipo sanakweze mawu.

"Aphunzitsi, mwanayu tinakupatsani kuti mumuphunzitse. Za kumuonetsa kwa anthu tinapangana liti?"

Ndinayamba kufotokoza kuti cholinga changa chinali chabwino, kuti ndinkafuna anthu aone chitukuko.

"Chitukuko chake ndi diresi yong'ambikayo? Mayi ake sakugona. Akuti dziko lonse laona kuti sasamala mwana. Inu kwanu akanakujambulirani mlongo wanu chotero, mukanamva bwanji?"

Palibe yankho limene ndinali nalo. Ndinachotsa chithunzicho pomwepo iwo akuona, koma chinali chitafika kale m'mafoni amene sindingawafikire. Madzulo a tsiku lotsatira a hedi anandiperekeza kwawo kwa mwanayo, ndipo ndinapepesa kwa mayi ake nditakhala pansi. Anandikhululukira ndi mawu ochepa. Mwanayo anakhala masiku angapo osabwera kusukulu, ndipo atabwera anabwerera kumbuyo kuja, pamalo pamene ndinali nditangomuchotsa. Zinatenga nthawi kuti ayambenso kundiwerengera. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza zinsinsi ndi mbiri za anthu, la 2024, ndipo ndi bwino kuti lilipo, koma atsibweni aja sanafunikire lamulo kuti adziwe chimene ine wa satifiketi ya MSCE sindinachione. Tikamakamba za zipangizo zamakono m'kalasi timathamangira matabuleti a boma, kuiwala kuti chipangizo chimene chili m'kalasi iliyonse m'Malawi muno, chopanda woyang'anira, ndi foni ya m'thumba mwa mphunzitsi.

Mvula itatha, mpunga utayamba kucha m'madambo, kalasi yanga inayamba kuchepa. Ana ankapita kukaingitsa mbalame kuyambira m'bandakucha. Mwezi ukakhala mumdima, asodzi akamapha usipa ndi nyali usiku, anyamata okulirapo ankakagona kugombe kudikira mabwato kuti athandize kutsitsa ndi kuyanika, n'kupatsidwa kambale ka nsomba. Ena malungo. Masiku otero ndinkatsegula kabati n'kuona matabuleti otsala, otchajidwa bwino, opanda wowagwira. Amene ankabweza anawo sanali makina. Anali amayi a gulu la amayi, amene ankayenda khomo ndi khomo, ndi a mfumu akalankhula pamsonkhano, ndi amentala anga amene ankadziwa kuti uyu amakhala ndi agogo ake, uyu bambo ake anapita ku Joni, uyu ndi woyamba kubadwa ndipo ndiye amalera anzake. Zomwezi zinaoneka sukulu zitatsekedwa pa 23 March 2020 chifukwa cha Covid-19. Maphunziro anaikidwa pa wailesi ndi pa intaneti, koma mwana wa kunyanja amene kwawo kulibe wailesi, kapena ilipo koma bambo apita nayo kugombe, anangokhala, ndipo atsikana ambiri m'dziko muno sanabwererenso sukulu zitatsegulidwa.

Pali nkhani inanso imene sitiikamba mokwanira, ya kusamala zipangizozi. Kuno kumatentha, fumbi ndi lambiri, nthawi ya mvula chinyezi chimalowa paliponse. Mawaya a mahedifoni amaduka chifukwa ana amawapota ndi kuwaluma. Apa pokha ndi pamene luso langa la kushopu linagwira ntchito yeniyeni: masana ena ndinkakhala ndi a hedi kulumikiza timawaya ndi kupukuta malo otchajira, zinthu zazing'ono zimene zikasiyidwa zimachotsa mwana mmodzi pa mzere. Dziko la Peru linagula malaputopu mazana a masauzande pansi pa ndondomeko ya One Laptop per Child, ndipo kafukufuku wa Inter-American Development Bank wa mu 2012 anapeza kuti ana sanapite patsogolo pa masamu ndi chilankhulo. Kugawa makina n'kosavuta. Lipoti la UNESCO la 2023 la zipangizo zamakono m'maphunziro linachenjezanso kuti mtengo wogulira ndi gawo chabe la ndalama zimene zimafunika kuti zinthuzi zikhalebe zamoyo. Ife a ku Salima tili ndi chitsanzo pafupi cha mmene chinthu chimakhalitsira. Pa chilumba cha Mbenje, mafumu a kwa Makanjira akhala akutseka usodzi miyezi ya dzinja chaka ndi chaka kuyambira m'zaka za m'ma 1950, ndipo lamulolo likugwirabe ntchito chifukwa eni malo amaliona kuti ndi lawo. Kumene makolo ndi komiti aona kuti sola ndi kabati ija ndi zawo, mlonda amapezeka, loko akathyoka amagulidwa. Kumene aona kuti ndi za azungu kapena za boma, zidzatha tsiku limene galimoto ya pulojekiti idzasiye kubwera.

Tsopano ndabwerera ku koleji kudzamaliza, ndipo mkangano wa m'chipinda chogona ukupitirira. Alipo amene akulankhula monga ndinkalankhulira ine, kuti posachedwa mphunzitsi adzangokhala wogawa ndi kutolera matabuleti. Alipo ena amene akuti ndalama zimenezi zikanamangira makalasi ndi kulemba ntchito aphunzitsi amene anamaliza IPTE n'kukhala zaka pakhomo, ndipo mfundo yawo ndi yolemera, sindiipeputsa, popeza inenso mzere womwewo ukundidikira. Koma ndikamva woyamba ndimakumbukira mnyamata uja atayang'ana mawu atatu pansi, ndipo ndikamva wachiwiri ndimakumbukira milomo ya mtsikana uja ikugwedera. Ndimawauza kuti matabuleti ndikuwafuna m'kalasi mwanga, ndipo ndikawapeza kulibe ndidzawapempha. Ndimawauzanso kuti nthawi ya matabuleti ndiyo nthawi imene mphunzitsi ayenera kugwira ntchito kwambiri, chifukwa ndi nthawi yokhayo pa tsiku imene ana 99 ali ndi chochita ndipo iye angagwade pafupi ndi mmodzi. Ena amaseka, amati TP inandikalambitsa.

Mnyamata uja ndinamusiya atagwira mb, nd ndi bw, koma mph ndi nkh zinali zikumuzembabe. Ndinalemba zimenezo m'buku monga zinalili, kuti amene adzamulandire mu Sitandade 3 adziwe poyambira. Kumene adzanditumize, kaya kuli sola kaya kulibe, masabata awiri oyamba ndawakonzera kale ntchito. Mwana aliyense adzandiwerengera payekha mawu amene sanawaonepo m'buku, olembedwa ndi choko pomwepo. Mphindi 3 pa mwana, ana 100, ndi maola 5. Ndikamamva ana 10 pa tsiku, pa nthawi yopuma ndi poweruka, ndidzamaliza m'masiku 10 a sukulu, ndipo buku la marekodi ndidzalitsegula pambuyo pake.